Funsani Tikuyankheni: Mitu Yamkuwa ya ku Benin, Kapangidwe Kake ndi M'mene Inafikira ku London

Makalata anayi ochokera mu Lilongwe mwezi uno akufunsa za ufumu wakale wa Benin. Oyankha ndi odziwa mbiri yakale pamodzi ndi amisiri osungunula zitsulo.

FUNSO: Ana anga a Fomu 3 asokonezeka. Pa mapu pali dziko la Benin, koma buku likuti ufumu wa Benin unali ku Nigeria. Cholondola n'chiti? (Mphunzitsi, Area 25)

YANKHO: Aphunzitsi, buku silinalakwe, mapunso sanalakwe. Dziko limene lero likutchedwa Benin ndi lija linkatchedwa Dahomey, ndipo linasintha dzina mu 1975. Ufumu umene ana anu akuphunzira unali kum'mwera kwa Nigeria, m'chigawo cha Edo, ndipo likulu lake, Benin City, lilipo mpaka pano. Mfumu yake yaikulu imatchedwa Oba, monga ya Amaravi inkatchedwa Kalonga.

Mbiri yapakamwa ya Aedo imati poyamba ankalamulidwa ndi mafumu otchedwa Ogiso. Mzere umenewo utatha, akuluakulu anatumiza mithenga ku Ile-Ife, kwa Ayoruba, ndipo kunabwera Oranmiyan, amene mwana wake Eweka anakhala Oba woyamba cha m'zaka za m'ma 1200. Pambuyo pake, mayina oti ana agwire ndi atatu. Ewuare analowa ufumu cha m'ma 1440, anakuza dziko ndi nkhondo, nakulitsa malinga a dothi ndi ngalande zakuya zozinga mzinda. Ozolua ndiye analandira Apwitikizi: João Afonso de Aveiro anafika cha mu 1485, ndipo tsabola, minyanga ya njovu, nsalu ndi akapolo zinayamba kutulukira padoko la Ughoton. Esigie, amene analamula kuyambira cha mu 1504, anagonjetsa Aigala mothandizidwa ndi mayi ake, Idia, ndipo anawakhazikitsira udindo wa Iyoba, mayi wa mfumu wokhala ndi bwalo lakelake. Ana odziwa za Nyangu sadzadabwa ndi ulemu umenewu, koma muwachenjeze kuti ku Benin ufumu umapita kwa mwana wamwamuna wa mfumu, osati kwa mwana wa mlongo wake monga kwa Achewa. Muwatsindikirenso kuti Apwitikizi anafika ngati amalonda, osati olamula. Kwa zaka pafupifupi 400, wouza mnzake choti agule ndi choti asagule anali Oba.

FUNSO: Ndimapanga mapoto a aluminiyamu pothira mumchenga. Ndinaona chithunzi cha mutu wamkuwa wa ku Benin, mikanda ya m'khosi ikuoneka umodziumodzi. Ankatha bwanji popanda makina, ndipo ine ndingayese? (Mmisiri, Mchesi)

YANKHO: Bambo, mungathe, koma njira yake si yamumchenga. Inu mumadinda poto wakale mumchenga, n'kutulutsa mapoto ofanana ambirimbiri. Amisiri a ku Benin, a gulu lotchedwa Igun Eronmwon, amene mpaka lero akugwira ntchito mumsewu wa Igun, amaumba chinthucho ndi phula, n'kuchikuta ndi dongo, n'kusungunula phulalo kuti chitsulo chilowe m'malo mwake. Chitsulocho, ngakhale dziko lonse limati Benin Bronzes, nthawi zambiri ndi bulasi, mkuwa wosakaniza ndi zinki, womwe uja wa mipopi ndi maloko. Wambiri ankachokera ku zigwinjiri zotchedwa manila zimene Azungu ankagulira katundu ndi anthu. Kafukufuku wa mu 2023 anasonyeza kuti zigwinjiri zambiri za nthawi ya Apwitikizi zinapangidwa ndi bulasi wa ku Rhineland, ku Germany.

Poyamba umbani mtima wa dongo, wocheperako pang'ono kuposa mutu umene mukufuna. Dongolo musakanize ndi mchenga wosefa ndi ndowe kapena mankhusu, kuti likapsa likhale ndi timipata totulukira mpweya. Liume pamthunzi mpaka m'kati. Kenako yalani phula la njuchi lokhuthala mamilimita atatu kapena anayi pamwamba ponse. Pamene pali phula ndi pamene padzakhale chitsulo, ndiye maso, mphini, tsitsi ndi mikanda zonse zimaumbidwa apa, ndi timizere ta phula topota m'manja ndi kampeni kofunditsa. Chala chanu chikasiya chidindo paphula, chidzaonekanso pabulasi.

Mukatha, khomani misomali ingapo yopyapyala kupyola phula mpaka mumtima, mitu yake itsalire kunja. Phula likadzachoka, misomali imeneyi ndiyo imagwira mtima kuti usagwere mbali imodzi. Oyamba kumene amaiwala zimenezi, ndipo mutu umatuluka tsaya lina lokhuthala, lina lobooka. Lumikizani timitengo ta phula tonenepa ngati pensulo kuchokera kumalo okhuthala, tikumane pamodzi pakamwa pothirira, ndipo muikenso tina tating'ono pansonga zakutali kuti mpweya udzapeze potulukira.

Tsopano kukuta. Dongo loyamba likhale losalala ngati phala la mwana, losakaniza ndi makala opera, ndipo lipakidwe ndi nthenga kapena burashi kuti lilowe m'timakwinya tonse. Likauma pakani lina, kenako dongo lokhakhala, mpaka chikombole chikhuthale masentimita awiri kapena atatu, ndipo chachikulu muchimange ndi waya. Apa m'pamene akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Chikombole chouma kunja kokha chimakhala ndi chinyezi m'kati. Bulasi wamoto akakhudza chinyezicho chimasanduka nthunzi, ndipo chimang'amba chikombole kapena kulavulira chitsulo kumaso kwanu. M'nyengo yadzinja wonjezerani masiku.

Chikauma, chizondotseni pamoto wochepa. Phula limasungunuka pa madigiri 62 mpaka 64, ndipo mungalilandire m'chitini kuti ligwirenso ntchito. Kenako wonjezerani moto mpaka dongo lifiire psuu ndipo utsi usiye kutuluka pakamwa. Phula lotsalira m'kati limabala timabowo ngati ta chisa cha njuchi pankhope ya chinthucho.

Muyeso wa chitsulo muutenge paphula: liyezeni pasikelo musanayambe kuumba, muyezenso lotsala. Bulasi amalemera pafupifupi kasanu n'kanayi kuposa phula, ndiye phula la magalamu 100 likufuna magalamu 900, ndipo musungunule kilogalamu imodzi ndi pang'ono kuti pakamwa padzadze. Chitsulo chikakutherani pakati, n'kuthira kachiwiri, pamatsala msoko wosagwirana. Aluminiyamu wanu amasungunuka pa madigiri 660, koma bulasi amafuna oposa 900, ndipo pothira akhale cha pa 1,000. Choncho pamafunika makala olimba, mvukuto kapena fani yosapumira, ndi mphika wosungunulira wa girafaiti kapena wa dongo lopirira moto, osati chitini chachitsulo chimene mumagwiritsa ntchito pa mapoto. Musasakanizemo aluminiyamu. Zinki amawira pa madigiri 907, ndiye mukachedwetsa mphika pamoto amathawa ngati utsi woyera. Utsi umenewo ukaupuma, usiku wake umamva kuzizidwa ndi kuphwanya m'thupi ngati malungo. Gwirirani panja, mphepo ikuchokera kumsana kwanu, pamchenga wouma osati pasimenti. Ndipo pogula zitsulo zakale funsani kumene zachokera, pakuti mipopi ndi mamita amadzi obedwa m'makomo mwa anthu amathera kwa osungunula.

Thirani chikombole chikadali chotentha, chitakwiriridwa mumchenga mpaka m'khosi, kamodzi n'kamodzi osadukiza. Chikazirala, chiphwanyeni ndi nyundo, dulani timitengo tija, kolokosani dongo la m'kati, n'kupala. Onani bwino mfundo imeneyi: phula lasungunuka, chikombole chaphwanyidwa. Palibe chotsala choti mupangire china chofanana. Mutu uliwonse wa ku Benin ulipo umodzi wokha padziko lonse.

FUNSO: Tinkamva kuti Angerezi anapita ku Benin kukaletsa nsembe za anthu, ndipo zinthuzo anangozipulumutsa. Kodi n'zoona? (Agogo opuma pantchito, Kawale)

YANKHO: Agogo, nsembe za anthu zinkachitikadi ku Benin, ndipo sitibisa. Koma tsatirani madeti. Mu 1892 Henry Gallwey, nthumwi ya boma la Britain, anasainitsa Oba Ovonramwen pangano loika dziko lake pansi pa chitetezo cha Britain ndi kutsekula malonda. Oba anapitiriza kulamula malonda a mafuta a kanjedza ndi kulandira msonkho monga kale, ndipo amalonda achingerezi a kugombe anadandaula. Mu November 1896 James Phillips, wogwirizira udindo wa kazembe wamkulu wa Niger Coast Protectorate, dera la kugombe limene Angerezi ankalamula, analembera ku London kupempha chilolezo chochotsa Oba pampando, ndipo m'kalatamo ananena kuti akuyembekeza kupeza m'nyumba ya mfumu minyanga yokwanira kulipira ulendowo. Maso anali kale pachuma, munthu asanafe ndi mmodzi yemwe.

Phillips sanadikire yankho. Ananyamuka ndi Azungu anzake ochepa ndi onyamula katundu oposa 200, ngakhale Oba anatumiza uthenga woti adikire chifukwa anali pamwambo umene mlendo saloledwa kumuona. Pa 4 January 1897 ankhondo a Benin anawathira nkhondo pafupi ndi Ugbine. Azungu awiri okha, Alan Boisragon ndi Ralph Locke, ndiwo anapulumuka. Onyamula katundu ambiri anafera pomwepo, ndipo mabuku samawatchula mayina. Patangotha milungu yochepa, mkulu wankhondo wa Angerezi, Harry Rawson, anafika ndi asilikali pafupifupi 1,200 ndi mfuti za Maxim, nalanda mzinda pa 18 February. Patapita masiku atatu moto unapsereza nyumba yachifumu. Ovonramwen anadzipereka mu August, anamutumiza ku Calabar, ndipo anamwalira komweko mu 1914. Ologbosere, amene anatsogolera ankhondo, anapitiriza kumenya mpaka anagwidwa n'kunyongedwa mu 1899. Inu agogo mukudziwa kuti nyengo yake ndi yomweyo imene kuno Mlozi ananyongedwa ku Karonga mu 1895, ndipo Inkosi Gomani inaphedwa mu 1896: pangano patsogolo, mfuti pambuyo.

Zinthu zimene Angerezi anatenga ku Benin City zinali zikwi zingapo. Zina boma linagulitsa, zina asilikali anagawana n'kukagulitsa okha, ndipo Felix von Luschan anagulira nyumba yosungiramo zinthu zakale ya ku Berlin mazanamazana. Kuti kumeneku kunali kupulumutsa, ife tikukana. Mitu ija sinali zokongoletsera. Oba watsopano ankapangitsa mutu wokumbukira bambo ake, n'kuuika paguwa la makolo, ndipo pabowo la pamwamba pake ankaimikapo nyanga ya njovu yosemedwa. Guwa lililonse linali la mfumu yake, monga kachisi ali ndi mwini. Mapale amkuwa amakona anayi, amene mlembi wa ku Netherlands Olfert Dapper anafotokoza mu 1668 kuti ankakuta nsanamira za nyumba yachifumu, amaonetsa nduna ndi mikanda ya maudindo awo, nkhondo, akambuku a mfumu, ngakhale Apwitikizi atsitsi lalitali. Asilikali anawapeza atachotsedwa kale pansanamira n'kusungidwa m'nyumba, koma anali pamodzi, pamalo pamene akuluakulu odziwa kuwawerenga akanatha kuwaona. Olanda sanalembe kuti mutu uwu wachoka paguwa la yani. N'chifukwa chake lero akatswiri amachita kuyerekeza zaka za mutu poona kukhuthala kwa chitsulo ndi kutalika kwa mikanda ya m'khosi, chinthu chimene wosunga guwa akanangonena ndi pakamwa.

FUNSO: Zabwezedwa zingati, ndipo zikabwerera mwini wake ndani? (Wophunzira, Likuni)

YANKHO: Zayamba kubwerera, koma pang'onopang'ono. Mu October 2021 Jesus College ya ku Cambridge inabweza tambala wamkuwa wotchedwa Okukor, ndipo University of Aberdeen inabweza mutu wa Oba. Mu July 2022 Germany inasaina pangano lopereka kwa Nigeria umwini wa zinthu zoposa 1,100, ngakhale zambiri zikadali komweko ngati zobwereka. Chaka chomwecho Horniman Museum ya ku London inapereka umwini wa zinthu 72. Netherlands inabweza 119 mu 2025. Kaundula wa pa intaneti wa Digital Benin, amene anatsekulidwa mu 2022, anasonkhanitsa zinthu zoposa 5,000 zosungidwa m'mayiko 20, ndipo mungathe kuziona pafoni, mpaka mabowo a misomali m'mphepete mwa mapale aja.

Za umwini, mu March 2023 Pulezidenti Muhammadu Buhari analengeza kuti zobwezedwa ndi za Oba, amene panopa ndi Ewuare II, wolongedwa ufumu mu 2016. Ena ku Ulaya anadandaula kuti zikalowa m'nyumba yachifumu anthu wamba sadzaziona. Nkhawa ya kasungidwe njomveka, komanso zidzukulu za anthu amene anagulitsidwa posinthana ndi zigwinjiri zija zili ndi mawu oyenera kumvedwa. Koma zinthuzo zinachotsedwa m'nyumba ya Oba, ndipo kukambirana za kumene zikhale n'kwa Aedo ndi boma la Nigeria.

Mulu waukulu, zinthu zoposa 900, uli ku British Museum, imene imati lamulo la mu 1963 siliilola kupereka katundu wake. Mmenemo muli chigoba cha nyanga ya njovu cha nkhope ya Idia, mayi a Esigie aja. Nigeria inachisankha kukhala chizindikiro cha FESTAC, chikondwerero cha luso ndi chikhalidwe cha anthu akuda, ku Lagos mu 1977, inapempha kuti ingochibwereka, koma sichinaperekedwe, ndipo amisiri a ku Nigeria anachita kusema china choimira. Chenichenicho chikadali ku London.