Musalipire kaye za ulendo wa ku Langebaan

Achemwali, ndalamazo zigwireni kaye. Mwati munthuyo walonjeza kukutengani ku Langebaan, kudziwe lalikulu la madzi a m'nyanja (lagoon) kumpoto kwa Cape Town, mu Disembala kukaona mbalame zochokera kutali zija, koma ola lonyamukira sakutchula? Mufunseni kuti tsiku limenelo madzi adzadzaza nthawi yanji, poti kumeneko madzi a m'nyanja amadzaza ndi kuphwa tsiku lililonse. Akayamba chibwibwi, mutayeni.

Ine zinandionekera ndipo mtima umandiwawabe. Tinasonkherana ndi anzanga a kutchalitchi kuno ku Cape Town, n'kupatsa bambo wina wa minibasi amene ankadzitama kuti mbalame zonse za kunyanja amazidziwa. Anabwera kudzatitenga mochedwa, panjira pa R27 n'kuimanso, ati akudikira mnzake. Tikufika ku Geelbek, malo oonerako mbalame m'paki ya West Coast National Park, dzuwa lili paliwombo, madzi ataphwa kalekale. Amene munafikako mukukadziwa kanyumba kobisalamo kaja, kumapeto kwa kamlatho ka matabwa. Tinakhala pa mabenchi, kutsegula timazenera, kutsogolo matope okhaokha mpaka uko. Mbalame zinalipo, koma kutali, ngati mapira omwazika pabwalo, ndipo ukayang'ana mu binoculars chilichonse chimangonjenjemera ndi kutentha. Mphepo ya kum'mwera ija nayo ikulowa pazenera mpaka misozi m'maso. Mayi wina wachikulire anafunsa mwaulemu kuti, bambo, nanga curlew sandpiper munkanena ija ndi iti? Iye kungotambasula dzanja kuloza nyanja yonse, amvekere ndi zomwezo.

Tsono chimene sindidzaiwala ndi ichi. Pafupi ndi kamlatho panali kamfuleni kotsala ndi timadzi, pomwe whimbrel ziwiri za milomo yopindika zinkazomola nkhanu, ndi kagulu ka timbalame ting'onoting'ono tikujompha matope mothamanga. Zokhazo ndi zimene tinkaona bwino. Munthu uja ataona kuti tayamba kung'ung'udza, anadumpha pa kamlatho, nsapato zili phwatiphwati m'matope, n'kuyamba kuwomba m'manja ndi kukuwa, ati tizione zikuuluka kuti tijambule. Zonse balalabalala, kulira kwa whimbrel kukumveka kutali. Munali agogo ena m'kanyumbamo amene anali chete pa telesikopu yawo kuyambira tisanafike. Sanalankhule kanthu. Anangopinda miyendo ya telesikopu, kutiyang'ana mmodzimmodzi, n'kutuluka. Manyazi ake! Ndipo pobwerera munthu yemweyo, wopanda ndi chisoni chomwe, ati tiwonjezere ya petulo.

Anthu otere sadziwa zimene akusewera nazo. Little stint ndi kambalame kolemera pafupifupi magalamu 25 basi. Curlew sandpiper imaswana kumpoto kwenikweni kwa Siberia, imauluka makilomita oposa 10,000 kudzafika kuno cha mu Seputembala ndi Okutobala, ndipo ntchito yake yonse pa matope aja ndi kudya kuti ipeze mafuta obwererera mu Marichi kapena Epulo. Ukaiulutsa chabe waidyera mphamvu. Mu 2024 bungwe loteteza zachilengedwe padziko lonse la IUCN linaika curlew sandpiper ndi grey plover m'gulu la mbalame zomwe zili pachiopsezo chifukwa zikuchepa. Langebaan inalowa pa mndandanda wa madambo otetezedwa a Ramsar mu 1988 chifukwa cha mbalame zomwezi, wina n'kumakazithamangitsa kuti adye ndalama za anthu. Zimandinyansa.

Ndiye ine ndikuti simukufunika wokuperekezani aliyense. Ndi makilomita pafupifupi 120 kuchokera m'tauni, msewu wabwino, mulipira pageti la West Coast National Park basi. Onani nthawi ya madzi pa foni, koma dziwani kuti ku Geelbek, poti ndi kumapeto kwa lagoon, madzi amachedwa poyerekeza ndi nthawi ya ku Cape Town. Funsani ogwira ntchito m'pakimo. Mukhale mutakhala kale m'kanyumba madzi akamabwera, chifukwa amakankhira mbalame kufupi ndi inu pang'onopang'ono, kapena akangoyamba kuphwa matope oyamba akuonekera. Akadzaziratu pitani ku kanyumba kena ka ku Seeberg, kumeneko mbalame zimasonkhana kupuma.

Komabe, kunena zoona, ulendo woyamba musapite nokha. Mu Disembala zonse zimavala zotuwa, sanderling, knot, greenshank, mungobwerako mukuti ndaona timbalame totuwa. Pamafunika munthu wokuuzani kuti yang'anani mlomo wopindikira pansi uwo, yang'anani kukhwapa kwakuda kwa grey plover ikatambasula mapiko. Pezani wodziwa weniweni, ngakhale mumulipire zambiri. A Cape Bird Club amakhala ndi maulendo awo, ndipo achikulire ambiri m'tinyumba timeneti ukawalonjera bwino amakuonetsa pa telesikopu yawo mosavuta. Mukhozanso kuyamba mwazolowera maso ku Strandfontein kuno kufupi, little stint zimapezekako.

Ngati tchuthi chanu chingasunthe, dikirani kumapeto kwa Marichi. Nthawi imeneyo curlew sandpiper zayamba kufiira pachifuwa, grey plover kuda kumimba, kuzisiyanitsa sikuvutanso. Juzi mutenge ngakhale kunja kukutentha, ndipo ana muwauziretu kuti pa kamlatho sathamanga.