Za Piriton zija musayerekeze

Asisi, pa nkhani ya mwana wanu wosagona usikuyo, ndaona ena akukulangizani kuti mumumwetse Piriton, mankhwala a ziwengo aja, kuti azigona msanga, mtima wanga wangoti myuu. Musayerekeze. Wanga anali ndi zaka 3 ngati wanuyo, 11 koloko usiku akudumphadumpha pabedi, neti atayizula, ine 5 koloko m'mawa ndikufunika pa siteji. Tinkakhala ku Ndirande m'nyumba za mdadada, zoti mnzako akatsokomola umamva, ndiye kukacha anthu pampopi amangondiyang'ana osandipatsa moni.

Nthawi imeneyo tinkasunga mlamu wanga, mchemwali wa bambo a mwanayu. Tsiku lina ndikuweruka ndinapeza mwana wadya kale, wasamba, mlamu akumwetulira, ati lero mugona bwino alamu. Sindinafunse. Cha m'ma 9 mwana anayamba kulira kwachilendo, thupi lotentha koma thukuta ayi, milomo youma gwa, akuloza kukhoma ati kuli zinthu zikuyenda. Ndinamuika dzanja pachifuwa, mtima ukugunda ngati wa nkhuku yoti yangogwidwa. Magetsi anali atazima, ndikumuunika ndi tochi ya foni, maso ali tong'oo, ine mayi ake osandizindikira. Ndinamubereka, chitenje ndinamanga ndili panjira, patapata kuphazi limodzi, kuthamangira kumsewu kukafuna kabaza.

Kuchipatala adokotala akuti mwamupatsa chiyani mwanayu? Ine ndikulumbira kuti palibe. Anafunsa katatu. Mpamene mlamu, ali kumbuyo kwanga, anati Piriton masupuni awiri okha, aja odyera phala. Awiri okha! Adokotala anatiuza kuti amenewa ndi mankhwala a ziwengo, tulo timangobwera pambali, ndipo ana ena m'malo mogona amabalalika mutu, akachuluka mwana amatha kukomoka. Tinagona komweko, ine nditakhala pansi pa simenti, dzanja lili pachifuwa pake mpaka kunja kunayera.

Mpaka lero munthuyo sanapepese. Abambo akunyumba ati amangofuna kukuthandiza, usakulitse nkhani. Kundithandiza? Kenako woyandikana naye anandiuza kuti masana onse mwana amagonekedwa kuyambira 1 mpaka 5 kuti mlamu aonere TV mwamtendere, akadzuka n'kumupatsa tiyi wa shuga masupuni atatu. Ndiye usiku agona bwanji? Ine n'kumamukalipira mwana wosalakwa, tsiku lina mpaka ndinamumenya mbama pamatako, zimandiwawabe.

Choncho fufuzani kaye kuti masana akugona nthawi yanji. Mwana wa zaka 3 mpaka 5 amafunika maola 10 mpaka 13 patsiku, kuphatikiza tulo ta masana, ndiye akagona maola anayi masana musadabwe usiku. Ikakwana 3 koloko mudzutseni, apite panja akathamange ndi anzake, abwere ali mbuu. Tiyi ndi Sobo madzulo ayi. Nsima idyedwe 6, madzi ofunda, nyale izime, mugone naye limodzi muneti, nthawi yomweyomweyo tsiku lililonse ngakhale Loweruka. Masiku oyamba adzalira, limbani mtima. Foni musamupatse pabedi, imachotsa tulo, ngakhale ine tsiku loti ndatopa zedi ndimamupatsabe pang'ono kuti ndipume. Ndipo musalimbane nazo nokha, ngati pali wachibale woti n'kukhala nanu muitaneni azikulandirani, kulera wekha kumapweteka. Botolo la mankhwala lokha likhale musutikesi yokhoma, kiyi m'chikwama mwanu.