Kuyankha amayi amene afunsa za amisiri a ku Antarctica

Amayi, mwafunsa ngati ndi zoona kuti ku Antarctica, kudziko la ayezi uko, amalembanso ntchito amisiri, poti mnyamata wanu akufuna kukaphunzira zamagetsi pomwe abambo ake akuti imeneyo ndi ntchito ya olephera sukulu. Ndi zoona ndithu. Ndipo mawu a abambowo andipweteka, chifukwa inenso ndine wamagetsi pafakitale ina ya tiyi kuno ku Thyolo.

Kumeneko kulibe midzi kapena mbadwa. Mu 1959 mayiko 12 anagwirizana kuti dzikolo likhale la mtendere ndi kafukufuku basi. Pasiteshoni yaikulu ya McMurdo, ya dziko la America, nyengo yadzuwa pamakhala anthu pafupifupi 1,000, koma ambiri mwa iwo si asayansi. Ndi amakaniko, akalipentala, okonza mapaipi, owotcherera, ophika ndi oyendetsa mathirakitala.

Anzathu a ku South Africa nawo ali ndi yawo, SANAE IV. Sitima yotchedwa S.A. Agulhas II imanyamuka ku Cape Town chakumapeto kwa chaka, n'kukasiya kagulu ka anthu 10 kapena kucheperapo, amene amakhalako kupitirira chaka. M'kaguluko simulephera dokotala, amakaniko a injini za dizilo ndi wamagetsi. Nyengo yozizira ikafika nyanja imauma, dzuwa limasowa kwa masabata ambiri, palibenso wobwera kudzawathandiza. Apa ndiye mumve bwino. Jenereta ndiye moyo wawo wonse: imawunikira, imatenthetsa nyumba, imasungunula chipale kuti apeze madzi akumwa, imayendetsa makina a asayansi. Ikazima, madzi amauma m'mapaipi, mapaipiwo n'kuphulika. Ife chiperoni chikafika timadandaula kuti tafa, koma pasiteshoni ya Vostok mu 1983 anayeza madigiri 89.2 pansi pa ziro. Pakuzizira kotero labala wokuta waya amauma n'kuthetheka ukangomupinda, oyilo amalimba, mabatire amafa msanga, chitsulo ukachigwira ndi dzanja lopanda magolovesi chimamatira khungu. Sitolo ya zitsulo kulibe. Chikathyoka chinthu chopanda sipeya, mmisiri amachisula yekha kapena kuchizula pamakina ena akufa.

Chimene amachiopa kwambiri ndi moto, chifukwa mpweya ndi wouma, mphepo ndi yamkuntho, madzi ozimitsira ndi ochepa. Mu 2012 siteshoni ya Brazil, Comandante Ferraz, inapsa ndi moto umene unayambira kumajenereta, anthu awiri anamwalira. Choncho waya mmodzi wolumikizidwa mwamphwayi angathe kupha gulu lonse. Kodi ntchito yotere angaipereke kwa wolephera?

Asayansi a ku Britain atalengeza mu 1985 kuti mpweya wa ozoni, umene umatiteteza ku ukali wa dzuwa, ukutha pamwamba pa Antarctica, anadalira miyeso ya zaka zambiri ya pasiteshoni ya Halley. Mayina amene anatchuka ndi awo, koma zaka zonsezo panali wina wodzuka usiku kukamvetsera kalirilidwe ka injini.

Koma ndisakunamizeni, amayi. Malawi alibe siteshoni kumeneko, ndipo mayikowa kawirikawiri amalemba nzika zawo, zimene zagwira kale ntchitoyo zaka zingapo n'kupimidwanso thupi ndi maganizo. Wina akakutumizirani uthenga pa WhatsApp kuti mulipire kuti mwana apite ku Antarctica, ameneyo ndi wakuba, musamupatse ngakhale tambala.

Mnyamatayo mulekeni alembetse kudzera ku TEVETA, alimbikire mpaka atenge pepala lapamwamba la umisiriwo, aphunzirenso za majenereta ndi sola. M'maesiteti a Mulanje ndi Thyolo muno, magetsi akazima masamba a tiyi ali pamakina, amathamangira ife. Abambo ake ngati akukayikabe, muwauze andilembere kumbali, ndicheze nawo ndekha.