Kodi osewera hockey ya pa ayezi amatani ligi ikatseka?

Bambo ena akwathu amene akukhala ku Calgary, m'dziko la Canada, andilembera imelo yokhudza mwana wawo wamwamuna wa zaka 13 amene walowerera kwambiri pa hockey ya pa ayezi. Akuti ligi ya ana yatha, koma makolo anzawo ayamba kale kulipira maphunziro a m'nyengo yotentha, ndiye akufunsa kuti: "Kodi akatswiri a mu NHL amachita chiyani miyezi imene kulibe masewera? Nanga mwanayu akapanda kuponda pa ayezi mpaka Seputembala, anzake samusiya m'mbuyo?"

Bambo, ndiyambe ndi akuluakuluwo. Kwa zaka zambiri timu iliyonse ya mu NHL, ligi yaikulu ya hockey ya ku Canada ndi America, yakhala ikusewera masewero 82 kuyambira Okutobala mpaka Epulo, ndipo imene ikufuna chikho cha Stanley Cup imayenera kupambananso masewero ena 16 m'ndime ya chipulula, imene imatha mu Juni. Pofika pamenepo thupi limakhala litapereseka. M'chaka cha 2013, Patrice Bergeron wa timu ya Boston anamaliza ndime yotsiriza ali ndi nthiti yothyoka ndi phewa loguluka, ndipo atapita kuchipatala anamupezanso ndi bowo m'phapo. N'chifukwa chake ntchito yoyamba ya wosewera ligi ikatseka ndi kupuma: masabata angapo akugona mokwanira, kuonana ndi madokotala, ndipo kwa ena kuchitidwa opaleshoni ya phewa kapena chiuno imene anakhala akuizengereza miyezi yonse ya mpikisano. Nsapato za pa ayezi zimapachikidwa kaye.

Akayambiranso, amayambira pamtunda, m'jimu, ndipo zimene amachitazo zimatsata mmene masewerawo amayendera. Ngakhale masewero amatenga mphindi 60, wosewera sakhala m'bwalo nthawi yonseyo. Amalowa kwa masekondi pafupifupi 45, kuthamanga ndi mphamvu zake zonse, kugundana ndi anzake, kenako kutuluka kukakhala pabenchi mpaka nthawi yake itakwananso. Choncho kuthamanga mtunda wautali pang'onopang'ono sikumuthandiza kwambiri. Chimene amafuna ndi mphamvu yophulika ya m'miyendo, komanso mtima ndi mapapo zimene zimabwerera msanga m'malo mwake. Ndiye mudzamuona akukankha chitsulo cholemera chokhwekhwereza pansi kwa masekondi ochepa, kupuma, n'kubwerezanso. Kuthamanga kukwera chitunda. Kudumphira pamwamba pa bokosi. Kapena kupalasa mwaliwiro njinga ija yosayenda.

Mbali imene ndimaiona yofunika kuposa zonse ndi ya chiuno ndi mphechepeche. Munthu wotsetsereka pa ayezi saponda kutsogolo ngati wothamanga pansi. Amawerama, n'kumakankhira mwendo chammbali, ndipo nthawi zambiri thupi lonse limakhala pa mwendo umodzi, pa kachitsulo kopyapyala. Akachita zimenezi miyezi yambiri, minofu yokankhira kunja imakula mphamvu kuposa ya mkati mwa ntchafu imene imabweza mwendo, ndipo apa ndi pamene pamachokera kuvulala kwa m'mphechepeche kumene kumasautsa osewera ambiri. Nthawi yopuma ndi yowongola zimenezi. Wosewera amagona chammbali, mwendo wapamwamba atausanjika pabenchi, n'kunyamula chiuno m'mwamba mpaka ntchafu kunjenjemera. Amanjuta ndi mwendo umodzi atanyamula zitsulo m'manja. Palinso thabwa lalitali loterera lokhala ndi zotchinga kumapeto konse, limene amakwerapo atavala tinsalu pamwamba pa nsapato, n'kumatsetsereka uku ndi uku ngati ali pa ayezi. Magoloboyi ndiwo amasamala chiuno koposa, pakuti ntchito yawo ndi kugwa ndi mawondo miyendo itatambasukira m'mbali, kudzuka, n'kugwanso.

Kale sizinali choncho. Osewera ambiri a ku Canada ankagwira ntchito zina m'miyezi yotentha, ndipo ankadikira kampu ya timu kuti akayambe kuchotsa mafuta. Chimene chinawatsegula maso ndi mpikisano wa mu Seputembala 1972 pakati pa Canada ndi Soviet Union. Pamasewero oyamba ku Montreal, a Canada anatsogola ndi zigoli ziwiri koyambirira, koma anatha mpweya ndipo anagonja 7-3. Anzawowo ankakonzekera pafupifupi chaka chonse motsatira njira zimene anakhazikitsa mphunzitsi Anatoli Tarasov, amene ankalimbikira zolimbitsa thupi za pamtunda. Canada inapambana ndithu mpikisanowo pamapeto pake, koma phunziro linamveka. Lero wosewera amene wafika kukampu asali bwino amadziwika tsiku loyamba lomwe, chifukwa tsikulo ndi la kupimidwa thupi.

Ntchito yaikuluyi wosewera amadzikonzera yekha, nthawi zambiri ndi mphunzitsi amene amamulipira m'thumba mwake. Mmodzi wotchuka ndi Gary Roberts, amene anasiya kusewera mu 1996 ali ndi zaka 30 chifukwa cha kuvulala kwa khosi, koma atasintha kadyedwe ndi kakonzekeredwe kake anabwerera mu 1997 n'kusewera mpaka 2009. Steven Stamkos, amene m'chaka chake choyamba ku Tampa Bay anamwetsa zigoli 23, anakakhala kwa Roberts m'nyengo yotentha ya 2009, ndipo sizoni yotsatira anamwetsa 51. Sindikunena kuti zitsulo zokha ndi zimene zinabala zigolizo, popeza mnyamatayo anali waluso kale, koma thupi lake linali litafika poti lingathe kunyamula lusolo kwa miyezi isanu ndi iwiri.

Pa ayezi amabwererapo pang'onopang'ono, ambiri cha mu Julayi, ndipo poyamba sapitako kukasewera koma kukakonza kapondedwe. Matimu ena, monga Toronto Maple Leafs, analemba ntchito Barbara Underhill, amene anali katswiri wa dziko lonse pa mpikisano wotsetsereka mwaluso pa ayezi awiriawiri mu 1984, kuti aziphunzitsa amuna akuluakulu kukhota ndi kuima pa m'mphepete mwa chitsulo cha nsapato. Mu Ogasiti liwiro limakwera. Ku Edina, m'chigawo cha Minnesota ku America, kuli ligi ya m'nyengo yotentha yotchedwa Da Beauty League, kumene akatswiri amasewera anayianayi mosagundana mwamphamvu, ndipo kampu ikamayandikira osewera a timu imodzi amasonkhana okha, popanda aphunzitsi, kuti azolowerane.

Tsopano za mwana wanu. Ndikudziwa kuti makolo anzanuwo akuganiza kuti m'mera m'poyamba, ndipo nkhawa yanu ndi yomveka. Koma taonani kuti ngakhale anthu amene amadyera masewerawa amachoka pa ayezi kwa masabata ambiri, chonsecho mafupa awo anakhwima kale. Mwana wa zaka 13 akukula, ndipo kubwereza kayendedwe kamodzimodzi chaka chonse kumalemetsa chiuno ndi mawondo pa nthawi imene ziwalozo sizinalimbe. Wayne Gretzky ali mwana ankasewera baseball ndi lacrosse m'nyengo yotentha, ndipo mabungwe a Hockey Canada ndi USA Hockey onse amalimbikitsa kuti ana azisewera masewera osiyanasiyana. Musatekesekenso ndi mayeso a mphamvu amene amachititsa ana m'maphunziro olipirawa. Mu 2014 Sam Bennett analephera kudzikweza pachitsulo ngakhale kamodzi pa mayeso a achinyamata olowa mu NHL, koma timu ya mumzinda wanu womwewo inamusankha pa nambala 4, ndipo mu 2025 anasankhidwa kukhala wosewera wopambana onse m'ndime ya chipulula pamene Florida inatenga chikho.

Ine ndikanakhala inu, ndikanamulembetsa mpira wamiyendo kuyambira Meyi, chifukwa umamupatsa mpweya, kukhota mwachangu ndi diso loona mnzake amene ali pabwino. Azisambira, azipalasa njinga, ndipo kawiri kapena katatu pamlungu azichita zolimbitsa thupi zogwiritsa ntchito kulemera kwake komwe, zitsulo zizibwera pokhapokha pali wodziwa womuyang'anira. Ngati iye mwini akufuna, muikireni thabwa losalala ndi ukonde m'garaja kuti aziponya puck, kamphira kophwathalala kamene amamenya ndi ndodo pamasewerawa, pakuti manja amaphunzira bwino lomwe popanda ayezi. Ndalama zimene mukanalipira miyezi inayi zisungeni, kenako mumulipirire sabata imodzi kapena awiri a mphunzitsi wa katsetserekedwe chakumapeto kwa Ogasiti, masiku osankha osewera a timu atatsala pang'ono.