Funsani Malume: akulira usiku kuseli kwa nyumba ndi ndani?

Malume, ndine mayi wa ana atatu, timakhala chakufupi ndi Chia ku Nkhotakota, tinasamukira kuno chaka chatha bambo a kunyumba atayamba geni ya nsomba. Vuto langa ndi loti pafupifupi usiku uliwonse kuseli kwa nyumba kumamveka kulira kwa khanda, khanda lenileni ngati alisiya lokha, kumayamba mwamphamvu kenako kumapita kuchepa mpaka zii, pakapita kanthawi kuyambanso. Tsiku lina bambo anatuluka ndi tochi koma sanapeze munthu, anangoona timaso tiwiri tofiira psuu mumtengo wa mkuyu basi liwiro kubwerera m'nyumba. Apongozi akuti ndi mwana amene anatayidwa pamalopa kalekale ndiye tisamuke. Ana sakugona, inenso thupi limangochita tsembwe. Titani?
Mayi wodandaula, Chia

Mayi, musamange katundu. Amene akukusowetsani tulo ndi changa, ndipo bambowo anamuona ndithu kungoti miyendo inafulumira kuposa maso. Changa wamkulu uja wa mchira wa ubweya wambiri, thupi ngati kamphaka, amalira chimodzimodzi khanda moti ngakhale azungu dzina limene anamupatsa m'chizungu limatanthauza khanda la kutchire. Mmene mwafotokozeramo, kuyamba mokweza kenako kumatsika pang'onopang'ono, ndi yemweyo basi. Amakhala akuuza anzake kuti mitengo iyi ili ndi eni ake, kapena akuitana mnzake, nchifukwa chake miyezi ina phokoso limanyanya ina kumakhala bata.

Maso ofiirawo asakuopseni, kumbuyo kwa diso la nyama zambiri zoyenda usiku kuli kachinthu konga galasi kamene kamabweza kuwala, mphaka wanu yemwe mukamuunika maso amawala. Ndipo mwanditchulira nokha mkuyu. Changa amadya zipatso, utomoni wa mitengo ndi tizilombo, ndiye nkhuyu zikapsa iyeyo ndi phwando, muone m'mawa pansi pa mtengopo mupeza nkhuyu zolumidwa theka zili mbwee. Chimene ndikanachita ine ndikutenga anawo madzulo ena, tochi m'manja, tikhale pakhonde phee, akalira timuunike amuone ndi maso awo akudumpha nthambi. Mwana akachiona chinthu mantha amatha msanga kusiyana ndi kumuuza ndi pakamwa. Apongozi musatsutsane nawo pagulu ayi, ingowaitanani nawonso adzaone.

*

Malume, ine ndi mnyamata wa zaka 24, ndimagwira ntchito ya ulonda pa nyumba ina yosungiramo chimanga ku Salima. Mudenga mumamveka kufwenthera ngati munthu wodwala mphumu akulephera kupuma, shiii shiii usiku wonse, ndiye nthawi zina panja kumamveka kukuwa koopsa ngati mzimayi akupotoledwa khosi. Anzanga akuti ndi kadzidzi ndipo watumidwa, mwezi watha neba wathu anamwalira patangopita masiku awiri chilirireni. Ndikufuna ndisiye ntchito koma pakhomo palibe china chodalira.
Mlonda, Salima

Mphwanga, anzakowo alondola theka. Ndi kadzidzi inde. Zotumidwazo ndiye ayi, wabwera yekha ndipo chamubweretsa ndi makoswe a m'chimanga chimene ukulonderacho.

Akadzidzi alipo a mitundu yambiri. Amene ambiri timamudziwa ndi uja wa tinthenga tooneka ngati nyanga, amatera padenga nkumati huu-huuu. Wakowo ndi wina, woyera kunkhope ndi kumimba, nkhope yake yooneka ngati mtima wojambula, iyeyu salira huu ayi amakuwa, kukuwa kokhadzula kumene wakumvako, ndipo poti akamauluka mapiko ake samveka ngakhale pang'ono umangodzidzimuka chinthu choyera chadutsa pamutu kenako mfuwu, ndani sangathawe. Ine ndemwe ndili mnyamata ndinataya ndowa ya madzi chifukwa cha mbalame imeneyi, agogo anandiseka sabata yathunthu. Amakonda kuikira mazira mu siling'i, m'matchalitchi, m'nyumba zosiyidwa. Kufwenthera kwa mphumu kuja ndi anapiye ake akupempha chakudya, ndipo pakatha miyezi iwiri kapena kupitirira pang'ono amauluka phokoso nkutha.

Ukafuna umboni masana ufufuze pansi pomwe amatulukira, upeza timibulu takuda ngati chala chachikulu. Si ndowe, ndi zimene amalavula. Uphwanye kamodzi ndi kamtengo uone, muli ubweya wokhawokha, timafupa ndi kachigaza ka khoswe mano ali gwa. Mbalame yoti usiku umodzi imagwira makoswe angapo pamalo osungira chimanga, kunena zoona abwana ako akanayenera kumaipatsa malipiro ngati iwe.

Za malirowo pepa, koma tawerenga bwino. Kadzidziyo walira mausiku angati chibwerereni? Mwina 60, mwina 100. Maliro achitika kamodzi. Mausiku ena onsewo palibe amene anawawerenga chifukwa kunacha bwinobwino. Timakumbukira tsiku limene zagwirizana basi. Ndikudziwa kuti mawu angawa sangafute zimene tinakula nazo, ngakhale anthu opemphera kwambiri kadzidzi akatera padenga amatuluka ndi chikuni chamoto, koma ntchito usasiye, ndipo usalole anzakowo akwere mudenga kukapha anapiye.

*

Malume, kwathu ndi kufupi ndi mtsinje wa Bua, malire ndi nkhalango. M'chilimwe kumwamba kuli mbee popanda mtambo timamva kugunda ngati bingu lakutali, nthawi zina sikumveka bwino m'makutu koma pachifuwa pamachita ngati panjenjemera, agalu nkuyamba kuuwa. Kodi pansi pano pali chinachake?
Bambo wa ku Bua

Bambo, pansi palibe kanthu, yang'anani kuseli kwa waya wotchinga nkhalangoyo. Bungwe la African Parks linayamba kuyang'anira nkhalango ya Nkhotakota mu 2015, ndipo mu 2016 ndi 2017 anabweretsamo njovu pafupifupi 500 kuchokera ku Liwonde ndi Majete. Njovu sikuti imangolira ndi chitamba mmene timaonera pa TV, nthawi zambiri zimalankhulana ndi mkokomo wapansipansi wochokera kukhosi, mbali ina ya mkokomowo ndi yotsika kwambiri moti khutu la munthu siliigwira koma njovu inzake imamva ili makilomita angapo. Inu mumangolandirako nyenyeswa, nchifukwa chake mukuti pachifuwa. Usiku zimamveka kwambiri chifukwa mpweya wapansi ukazizira wapamwamba nkukhala wofunda, mawu sathawira kumwamba amabwerera pansi nkuyenda mtunda wautali, asodzi amadziwa zimenezi, nyanja ikakhala bata usiku umamva anthu akucheza mubwato loti ukungoona nyali yokha.

Koma ngati kugundako kumabwera mbandakucha ndipo kuli ndi kayimbidwe, du du dudu ngati wina akuyesa ng'oma, ameneyo ndi nang'omba, chimbalame chakuda cha khosi lofiira, chilibe vuto ndi munthu. Kukamveka ngati munthu akucheka thabwa ndi sowo pakati pa usiku, khola la mbuzi likhale lotseka bwino, ndi kambuku.

Ndipo poti muli m'mbali mwa madzi ndinenepo ichi, ndi mayi a ku Chia aja amve nawo. Mvuu ikamachita kuseka kwake kuja, hoo ho ho ho, ili m'madzi ndipo mukudziwa pomwe ili. Ikatuluka usiku kukadya msipu kapena mpunga wanu imayenda mwakachetechete, ndipo munthu amene wapezeka pakati pa iyo ndi madzi ikamabwerera m'mamawa ndi amene amavulala. Ndiye amene mumalawirira kudimba kapena kudooko kusanayere, dikirani kuche kaye, ndipo mukaona njira yotakata ya mapazi a zala zinayi yochokera m'madzi musaitsate. Njovu zikadumpha waya uzani a zanyama zakutchire msanga, musakazithamangitse nokha ndi zitini.