Dothi loyera ngati phulusa la m'nkhalango za kumpoto kwa Sweden: yankho kwa mlimi wa ku Umeå

Bambo wina wochokera ku Dedza, amene tsopano amakhala kunja kwa mzinda wa Umeå kumpoto kwa Sweden, ananditumizira imelo yomwe yandisangalatsa kwambiri. Analemba kuti: "Nditakumba kuseri kwa nyumba, m'mphepete mwa nkhalango ya paini, kuti ndiunge mizere ya mbatatesi, ndinapeza zinyalala zakuda pamwamba, kenako dothi loyera ngati phulusa, pansi pake dothi lofiira, ndipo miyala ili ponseponse. Kodi nkhalangoyi inapsa kalekale? Nanga lofiiralo ndi katondo ngati wa kwathu, woti ndimutembenuzire pamwamba?"

Bambo, zikomo chifukwa choyang'anitsitsa m'dzenje musanalikwirire. Yankho lalifupi ndi lakuti loyeralo si phulusa, lofiiralo si katondo, ndipo ndikukupemphani kuti musatembenuze chilichonse mpaka mutawerenga nkhaniyi. Chimene mwakumbacho akatswiri amachitcha podzol, ndipo dzinali likusonyeza kuti siinu woyamba kuganiza za moto. Linachokera m'chinenero cha ku Russia, m'mawu awiri otanthauza "pansi" ndi "phulusa", ndipo alimi a kumeneko ankalitchula kale katswiri wa dothi wa ku Russia, Vasily Dokuchaev, ndi ophunzira ake asanayambe kusanthula dothi mwasayansi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800.

Tiyambire pa miyala, chifukwa ndiyo yakuvutitsani kwambiri pokumba ndiponso ndiyo chiyambi cha nkhani yonse. Zaka pafupifupi 20,000 zapitazo dziko lonse la Sweden linali pansi pa chimtanda chimodzi cha ayezi, chomwe m'dera lanulo chinali chochindikala makilomita awiri kapena atatu. Ayezi wolemera chotero sakhala malo amodzi. Amayenda pang'onopang'ono, ndipo poyendapo amazula thanthwe, nalipera monga mmene mwana wa mphero amaperera mawere, kusiyana kwake n'kwakuti iye sasefa. Atasungunuka, zaka pafupifupi 10,000 zapitazo, anasiya zonse zimene ananyamula zili phatikiphatiki: miyala yaikulu ngati nkhokwe, miyala ya m'manja, timiyala, mchenga, ndi fumbi la miyala losalala ngati ufa woyera. Anthu a ku Sweden amatcha msakanizo umenewu morän, m'Chingerezi amati till, ndipo umakuta pafupifupi magawo atatu mwa magawo anayi a nthaka ya dzikolo.

Mungauzindikire mosavuta. Miyala ya mu morän imakhala ndi makona obuntha pang'ono, siyobulungira ngati nsangalabwi za mumtsinje, ndipo yaikulu ndi yaing'ono imakhala pamodzi popanda dongosolo. Ngati m'malo mwake mwapeza mchenga wofanana kukula ndi timiyala tosalala toyalana bwino, ndiye kuti malo anuwo anasanjidwa ndi madzi, kaya a mitsinje yochokera ku ayezi wosungunuka kapena mafunde a nyanja. Zimenezi n'zotheka ndithu ku Umeå, pakuti ayezi anakanikiza nthaka mwamphamvu moti atachoka dera lonse la m'mphepete mwa nyanja linali pansi pa madzi, ndipo mpaka lero likukwerabe ndi mamilimita 8 kapena 9 pachaka. Pa phiri la Skuleberget, kum'mwera kwa kumene muliko, gombe lakale lili pamtunda wa mamita 286 kuchokera pamene nyanja ili lero. Mafunde anatsuka fumbi lofewa m'zitunda n'kulitaya m'zigwa, n'chifukwa chake minda ya alimi a kumeneko ili m'zigwa pomwe zitunda zinasiyidwira nkhalango.

Mfundo ina yofunika ndi mtundu wa thanthwe limene linaperedwa. Mbali yaikulu ya Sweden ili pa miyala yolimba ya granite ndi gneiss, yomwe ili ndi laimu wochepa kwambiri ndipo ikaperedwa imatulutsa mchenga wambiri koma dongo lochepa. Tapani dothi lanu, mulinyowetse, muyese kulipota pakati pa zikhatho ngati mukuumba chingwe. Makande a m'dambo amapoteka n'kutalika, pomwe lanulo lidzanyenyeka, ndipo mudzamva timchenga tikukanda zala. Akatswiri amawerenga ngati dongo tinthu tochepera mamilimita 0.002, ndipo mu morän wamba wa m'nkhalango tinthu totere timakhala tochepa zedi. Dothi lotere limalola madzi kudutsa msanga ndipo lilibe mphamvu yolimbana ndi asidi.

Tsopano tifike pa mitundu itatu imene munaiona. Pamwamba penipeni pali chofunda cha masamba a paini ndi a mtengo umene kumeneko amautcha gran, pamodzi ndi ndere ndi mizu ya tizitsamba ta blåbär ndi lingon. Masamba amenewa ndi olimba, nyengo ndi yozizira, ndipo nyongolotsi zimadana ndi asidi, choncho palibe chokokera zinyalalazo pansi monga mmene chiswe chimachitira kwathu. Zimangowola pang'onopang'ono ndi nkhungu, n'kukhala ngati mphasa yoti mutha kuiyalula ndi manja, yomwe Aswidi amaitcha mår. Katswiri wa nkhalango wa ku Denmark, P. E. Müller, ndiye anasiyanitsa chofunda chotere ndi chija chosakanikirana bwino ndi dothi chomwe chimapezeka kumene kuli nyongolotsi. Muyeso wa asidi wotchedwa pH m'chofundachi umakhala pafupifupi 4, nthawi zina kucheperapo, kusonyeza kuti muli asidi wambiri.

Chimene chimachitika pansi pa mphasayo mungachimvetse bwino mukakumbukira mmene amayi amachezera chidulo. Amathira madzi pa phulusa m'chitini choboola, madziwo amadontha atanyamula mphamvu ya phulusalo, ndipo m'chitini mumatsala zotsukuluka. M'nkhalango yanu mvula ndi chipale chofewa chosungunuka zimadutsa m'zinyalala zowola n'kutenga asidi wake, ndipo popeza kumazizira, madzi olowa pansi amaposa amene amauma ndi dzuwa. Asidiyo amagwirana ndi ayironi ndi aluminiyamu zimene zili m'timchenga ta pamwamba, nazitsitsira pansi. Chotsala ndi timiyala ta quartz tosasungunuka, toyera mbuu, ndipo limeneli ndilo gawo munaliyesa phulusa. Aswidi amalitcha blekjord, kutanthauza dothi lofwifwa, pomwe m'mabuku limalembedwa ndi chilembo cha E. Kawirikawiri limakhala lochindikala masentimita angapo kufika 10 kapena 20, ndipo malire ake a pansi amakhala okhotakhota, otsika ngati malilime motsatira njira za mizu yakale.

Mutha kutsimikiza nokha kuti si phulusa. Phulusa lenileni la nkhuni limachita thovu mukalithira viniga ndipo limatereka mukalinyowetsa, pomwe dothi loyerali limangokhala chete ndipo limakanda. Komabe funso lanu la moto silopanda maziko, chifukwa nkhalango za kumpoto zinkapsa kawirikawiri anthu asanayambe kuzimitsa moto mwadongosolo. Mukayang'ana pansi pa mphasa ya zinyalala mungapeze timakala takuda, ndipo umboni wa moto ndi umenewo.

Ayironi ndi aluminiyamu zija sizipita kutali. Zikatsika pang'ono, kumene asidi wayamba kuchepa mphamvu ndiponso tizilombo ta m'dothi tadya zina mwa zimene zinazinyamula, zimamatirira pa mchenga ngati dzimbiri pa khasu lagonera panja. Mukaonetsetsa mudzapeza kuti gawoli limayamba ndi kamzere kakuda ngati khofi, komwe ndi zowola zotsika kuchokera pamwamba, kenako kufiira kwa dzimbiri kumene kumanka kufwifwa mukamatsika, mpaka mutafika pa morän wotuwa amene sanasinthe chichokere ayezi. Dzina lake la Chiswidi ndi rostjord, dothi la dzimbiri, ndipo akatswiri amalemba Bh pa kamzere kakuda, Bs pa gawo lofiira, ndi C pa morän wa pansi. M'malo ena dzimbirili limamanga mchenga n'kukhala chigoba cholimba chotchedwa ortsten, chomwe fosholo imalephera kuboola ndipo mizu imachilambalala. Pansi penipeni, ngati morän wake ndi uja anapondedwa ndi ayezi, amakhala wothinana ngati msewu wopsinjidwa, moti madzi amayenda cham'mbali pamwamba pake m'malo molowa.

Apa ndi pamene kusiyana ndi katondo kumaonekera, ndipo kwa ine ndiyo mfundo yaikulu ya kalata yanu. Katondo wa kwathu ndi dothi lakale kwambiri, lomwe thanthwe lake lakhala likufumbutuka ndi kutentha ndi mvula kwa zaka zosawerengeka mpaka kusanduka dongo lakuya mamita angapo. Ayironi wake sanasamuke. Zina zonse zinatsukidwa, iye n'kutsala pomwepo, n'chifukwa chake kufiira kwake kumayambira pamwamba mpaka pansi. Dothi lanulo ndi lakhanda, silinapitirire zaka 10,000, ndipo mwina n'locheperapo kwambiri ngati malowo anavuuka m'nyanja posachedwa. Kufiira kwake ndi utoto wopyapyala pa mchenga, ndipo utotowo umagwira mwamphamvu fosifolasi, amene ndi chakudya china cha mbewu, moti mbewu zimavutika kumupeza.

Pali chochitika china chimene chinathandiza kudziwa nthawi imene dothili limatenga kuti lipangike. Mu June 1796, nyanja ya Ragunda m'chigawo cha Jämtland inaphwa m'maola ochepa chabe, mtsinje wa Indalsälven utasefukira m'ngalande imene wamalonda wina dzina lake Magnus Huss anakumba kuti mitengo yodulidwa izidutsa. Pansi pa nyanjayo panakhala mtunda watsopano wodziwika tsiku lake lobadwa. Katswiri wa dothi Olof Tamm, amene anafalitsa kafukufuku wake mu 1920, anapeza kuti patangopita zaka pafupifupi 100 kamzere koyera kopyapyala kanali katayamba kuoneka, ndipo anawerengera kuti podzol wokhwima amafuna zaka 1,000 mpaka 1,500. Choncho magawo amene fosholo ingawasokoneze m'mawa umodzi anatenga mibadwo makumi angapo kuti ayalane.

Za mayina, pali njira zitatu zimene mungakumane nazo, ndipo zonse zimayang'ana gawo lofiira lija, osati loyera, ngakhale loyeralo ndilo limakopa maso. Chifukwa chake n'chakuti gawo loyera limatha kusowa mtengo ukazuka kapena munthu akalima, pomwe lofiira limatsala. M'dongosolo la padziko lonse lotchedwa World Reference Base, lomwe lili ndi magulu aakulu 32, dothili lili m'gulu la Podzols, ndipo kuti lilowe m'gululi gawo la dzimbiri liyenera kukhala lochindikala masentimita osachepera 2.5, la asidi, komanso la mtundu woyenerera poyerekeza ndi tchati cha mitundu cha Munsell. Kenako amawonjezera mawu ofotokozera: Albic ngati gawo loyera likuoneka bwino, Ortsteinic ngati pali chigoba cholimba, Gleyic ngati madzi a pansi ali pafupi. Ngati mchenga wake sunafikebe pa miyeso imeneyi, monga zimakhalira pafupi ndi gombe, umawerengedwa m'magulu a dothi losakhwima monga Arenosols kapena Regosols. Ku United States, m'dongosolo la Soil Taxonomy la mu 1975, dothi lomweli ndi Spodosols, kuchokera ku liwu la Chigiriki lotanthauzanso phulusa la nkhuni. Aswidi eni ake akhala akusiyanitsa järnpodsol, wa pamalo ouma wofiira bwino, ndi humuspodsol, wa pamalo onyowa womwe gawo lake la pansi ndi lakuda chifukwa cha kuchuluka kwa zowola. Malinga ndi mmene mwafotokozera, ndikuona kuti lanulo ndi järnpodsol, kapena kuti Albic Podzol.

Ndiwonjezere kuti ayezi payekha sapanga podzol. Kumene anapera miyala ya laimu, monga ku Gotland, ku Skåne ndi kuzungulira nyanja ya Storsjön, kuli dothi lofiirira la chonde lotchedwa brunjord. Ndipo podzol amapezekanso kumene kunalibe ayezi wotere, monga m'chigwa cha Rio Negro ku Amazon ndi pa mchenga wa Kalahari kumadzulo kwa Zambia. Zofunika ndi mchenga wopanda laimu, zinyalala za asidi, ndi madzi ochuluka olowa pansi.

Nanga mbatatesi zanu? Chakudya chambiri cha mbewu m'dothili chili m'mphasa ya pamwamba ija, ndipo mukatembenuzira lofiira pamwamba mudzakwirira chonde chochepa chomwe chilipo n'kutsala ndi mchenga. Ine ndikadakhala inu ndikadachotsa miyala ikuluikulu, ndikadafukula pang'ono masentimita 20 a pamwamba, n'kuunjikapo manyowa a ng'ombe kapena a akavalo owola bwino pamodzi ndi kompositi, mpaka bedi litakwera. Anthu ambiri a kumeneko amalima m'mabokosi a matabwa otchedwa pallkrage pa chifukwa chomwechi, komanso chifukwa bedi lokwera limafunda msanga chipale chikasungunuka. Mbatatesi zimapirira asidi kuposa mbewu zambiri, ndipo laimu wochuluka amazibweretsera nkhanambo pa khungu, choncho laimuyo mumusungire mabedi a kabichi ndi nsawawa mutayeza kaye pH. Chenjezo limodzi likhudza phulusa la m'mbaula, lomwe kwathu timalithira m'dimba mosaganiza kawiri. Ngozi ya pa malo opangira magetsi a nyukiliya ku Chernobyl ya mu 1986 inagwetsa cesium, chinthu chotulutsa cheza choopsa ku thupi, m'madera ena a Sweden, kuphatikizapo mbali ya chigawo chanu cha Västerbotten, ndipo cesium ameneyu amaunjikana m'phulusa la nkhuni za m'nkhalangozo. Musanalithire pa ndiwo zamasamba, funsani ku ofesi yoona za chilengedwe ya m'dera lanu.

Mukapeza mpata, kumbani dzenje lina lakuya theka la mita, musalaze khoma limodzi ndi fosholo, muimike tepi yoyezera m'mbali, ndipo munditumizire chithunzi chojambulidwa pamthunzi. Ndikufuna kuona kuchindikala kwa gawo loyera ndiponso ngati kamzere kakuda kali pamwamba pa dzimbiri, chifukwa ziwirizi zidzatiuza ngati malo anu ndi ouma mokwanira mbatatesi kapena afunika ngalande.