Yambani ndi madzi, chakudya chibwere pambuyo

Achemwali, funso lanu ndaliona mochedwa koma ndiyankhebe. Mwati gulu lanu loonera mbalame lapatsidwa kamalo kuseri kwa holo ya tchalitchi ku Chilomoni, mwasonkherana kandalama, ndiye mukufuna kudziwa zoti mugule, zoti muziika pamenepo komanso poimika thebulo lodyetserapo. Ena akuuzani kale kuti muitanitse zodyetseramo mbalame zija zapulasitiki zopachika zomwe timaziona pa YouTube. Ine ndikuti ndalamayo isungeni kaye.

Zinthu zimene zija anapangira mbalame za ku Ulaya ndi ku America, komwe chisanu chimakwirira nthaka kwa miyezi mbalame n'kusowa chotola. Kuno chiperoni chimazizira ndithu mu Juni ndi Julayi, koma sichibisa njere za udzu. Chomwe chimasowa mu Blantyre muno ndi madzi, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula yoyamba mu Novembala, timitsinje totsika m'phiri la Michiru titauma ndiponso tchire litapsa. Choncho musanagule ngakhale kilo imodzi ya mawere, pezani mbale yadothi yotakata, kapena phale la mtsuko wosweka. Dothi ndi labwino chifukwa siliterera ndipo madzi satentha msanga. Madziwo asapitirire masentimita 5 pakatikati, m'mbali akhale osaya kwambiri, ndipo muikemo miyala iwiri itatu yoti nsonga zake zizionekera. Mbalame yaing'ono siilowa m'madzi amene sikuona pansi pake. Kenaka tengani botolo la malita 2, muliboole pansi ndi singano, mulipachike panthambi pamwamba pa mbaleyo kuti lizidontha pang'onopang'ono. Kudontha kuja kumaitana mbalame kuposa chakudya chilichonse, ngakhale zomwe sizidya njere, monga mnthengu ndi choso. Madzi muzisintha tsiku lililonse, mbale n'kuikwecha. Mukawasiya sabata yathunthu mwaweta udzudzu, ndipo a komiti ya tchalitchi sadzachedwa kukulandani malowo.

Tsopano chakudya. Zonse zili mumsika wa Limbe kapena wa Blantyre, osati m'mashopu odula. Mawere ndi mchewere ndi za mpheta ndi timbalame tina ta milomo yaifupi. Mapira, misere ndi mpunga wosweka ndi za njiwa ndi atchete. Mpendadzuwa muziika pang'ono. Zipatso ndizo zimabweretsa chisangalalo chenicheni: papaya wakupsa wodula pakati, nthochi yofewa imene amayi ogulitsa akufuna kutaya, magwafa. Khomani misomali iwiri pathabwa, chipatso muchibaye pamenepo kuti chisagwe. Apumbwa ndiwo adzayambe kufika, aphokoso monga mwa masiku onse, ndipo enawo amatsatira akaona kuti apumbwa akudya popanda chowachitikira.

Pogula njere funsani funso limodzi: kodi munathira mankhwala? Chimanga ndi mapira ambiri osungidwa amakhala othira Actellic kapena mankhwala ena oteteza ku anankafumbwe. Ife timakonola ndi kutsuka tisanadye, mbalame imameza chonchobe. Mbewu yotsala pobzala, ija yopaka utoto wofiira kapena wobiriwira, isafike n'komwe pathebulo, ndi poizoni. Mtedza wachuku nawonso ayi. Ambiri amaganiza kuti wosankhidwa uja, wofota ndi wowawa, ndiye woyenera mbalame, koma chuku chimenecho chimaononga chiwindi cha mbalame monga chimachitira kwa munthu. Mkute, buledi, tchipisi ndi ndiwo zotsala musaike. Mchere ndi mafuta siziyanja mbalame, komanso mungoitana akhwangwala, ndipo khwangwala akazolowera pamalo timbalame tonse timasamuka.

Thebulo lenilenilo kalipentala aliyense wa ku Ndirande kapena kwanu konko akupangirani masana amodzi. Chimango chathabwa cha masentimita 40 mbali zonse chakwana, pansi pake akhome waya wa sefa m'malo mwa thabwa kuti madzi azidutsa, pamwamba kadenga ka lata. Mwendo ukhale paipi yachitsulo, yotalika mita imodzi ndi theka kuchoka pansi, osati mtengo, chifukwa mtengo chiswe chidya ndipo mphaka amakwera mosavuta. Pansi pa thebulolo, paipiyo idutse pakati pa ndowa yakale yovundikira, kukamwa kuloze pansi. Khoswe akakwera amakathera m'ndowamo n'kubwerera. Muimike pamthunzi, mamita awiri kapena atatu kuchokera pa chitsamba chowirira: pafupi poti mbalame ithawiremo mphamba akadutsa, koma patali poti mphaka wobisala asalumphe n'kufika. Ngati holoyo ili ndi mawindo agalasi aakulu, thebulo litalikirane nawo mamita 10, chifukwa mbalame yodzidzimuka imaona mitengo m'galasi n'kukadziomba. Ndipo muganizire poti anthu azikhala: dzuwa lam'mawa likhale kumsana kwa oonera, apo ayi zithunzi zanu zonse zizituluka mbalame zakuda bii.

Koma vuto lalikulu simunalitchule, ndipo pa YouTube simudzalimva. Mukasonkhanitsa mbalame malo amodzi, nthawi yomweyomweyo tsiku ndi tsiku, mwakonzera ndiwo anyamata a legeni. Njiwa yonenepa ndi mapira anu, yozolowera anthu, yotera pamtunda wa mita imodzi ndi theka, mwana wa Standard 5 sangaiphonye. Pamadzi paja ndi pomwe amatchera ulimbo. Sindikunena izi monyoza, ambirife m'gulu muno tinakula legeni ili m'khosi, ndipo kunyumba zina kambalame kootcha ndiye nyama ya sabata imeneyo. Kuwathamangitsa sikuthandiza, adzabwera inu mutachoka. Chothandiza n'choti malowo akhale m'kati mwa mpanda, poonekera kwa alonda kapena a m'nyumba ya abusa, kenaka anawo muwakokere m'gulu. Apatseni ntchito yothira madzi ndi kope lolembamo mbalame zomwe zabwera, muziwabwereka binoculars (magalasi oonera zakutali) Loweruka. Mudzadabwa kuti amadziwa kulira kwa mbalame iliyonse ndi komwe imamanga chisa kuposa ife akuluakulu onyamula mabuku. Amene ali katswiri pa legeni ndiye amakhala ndi maso akuthwa pagulu lonse. Ngati malowo ali pambalambanda, popanda mpanda kapena munthu wowayang'anira, kunena zoona ndi bwino osayamba n'komwe, muzingokwera ku Michiru kukaonera komweko.

Popeza muli m'munsi mwa phiri, yembekezeraninso apusi. Akalawa papaya kamodzi azibwera banja lonse, kenaka alowa m'minda ya anthu ndi m'makhitchini, mlandu n'kukhala wanu. Mankhwala ake ndi kuika chakudya chochepa, chongokwanira m'mawa umodzi: manja awiri a njere ndi chipatso chimodzi cha m'ma 6 koloko, zotsala n'kuchotsa dzuwa lisanalowe. Zogonera usiku ndi za makoswe, ndipo kumene kuli makoswe njoka siichedwa.

Ukhondo musautenge mopepuka. Mbalame zambiri zikamadyera mbale imodzi zimapatsirana matenda, makamaka njiwa. Kamodzi pa sabata tsukani thebulo ndi mbale ndi Jik wosungunula, kapu imodzi pa makapu 9 a madzi, mutsukuluze bwino, ziume padzuwa. Mukaona njiwa itafufuma nthenga, ikulephera kumeza, malovu ali kukamwa, chotsani zonse kwa masabata awiri kuti mbalame zibalalike. Malowo atalikirane ndi khola la nkhuku kapena la nkhunda chifukwa cha chitopa, ndipo mukapeza mbalame zingapo zitafa musazigwire ndi manja, dziwitsani alangizi a ziweto. Ntchito yonseyi ipatsidwe munthu mmodzi wokhala pafupi, ndi womuthandiza mmodzi. Zoti "tizisinthana tonse" pa WhatsApp zimayenda mwezi woyamba wokha.

Za madzi a shuga okopera choso, muyezo ndi kapu imodzi ya shuga woyera pa makapu 4 a madzi, popanda uchi kapena utoto. Koma m'kutentha kwa Okutobala amasasa pa masiku awiri, ndiponso nyerere ndi njuchi zimafika choso asanafike. Ine ndikanakhala inu ndikanabzala aloe, amene amachita maluwa nthawi yozizira, ndi muwale wa maluwa ofiira aja otuluka mvula isanagwe. Onjezani mabulosi ndi papaya. Ngati pali mkuyu kapena kachere pafupi, umenewo ndiye thebulo lalikulu kuposa lanu, ndipo nkulukulu mukamuona kumeneko nkhuyu zikapsa. Kachere yekha musabzale pafupi ndi khoma la holo, mizu yake imang'amba maziko.

Mvula ikayamba lekani njere. Zimanyowa n'kuchita nkhungu, komanso nthawi imeneyo ngumbi zatuluka, udzu ukubereka, mbalame zili kalikiliki kudyetsa ana tizilombo. Mudzayambirenso mu Meyi.

Anzanu muwauziretu kuti masabata oyamba pakhoza kukhala zii, ndipo zikayamba kubwera zidzakhala zomwezi za masiku onse. Malawi ali ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, koma yambiri siidzatera pathebulo la munthu. Thebulo ndi lophunzitsira atsopano kusiyanitsa yaimuna ndi yaikazi, kapena kuona tchete akusintha nthenga kukhala wachikasu nyengo yoswana ikayandikira. Zomwe mwaona muzilemba pa eBird, pulogalamu yolembamo mbalame zomwe munthu waona, ndi yaulere pafoni, ndipo mulumikizane ndi a Wildlife and Environmental Society of Malawi, bungwe loona za nyama zakutchire ndi chilengedwe, ali ndi nthambi mu Blantyre momwemuno. Ndalama yomwe mukanagulira zapulasitiki ija, onjezerani mugule binoculars imodzi ya gulu. Mukanditumizira chithunzi cha malowo, chojambulidwa m'mawa kuti mthunzi uoneke, ndikuuzani pokumba dzenje la paipi.